Timbuna ta a Wyson Mukhito

A Wyson Mukhito anagwira ntchito zaka makumi awiri kunyumba ya manejala wa esiteti ya tiyi, ndipo chimene ankachikonda kwambiri chinali kusamalira tinsomba ta m'thanki yagalasi. Mu 2003 manejalayo anasamuka, ntchito n'kuthera pomwepo. Thanki anapita nayo, koma anawasiyira timbuna tisanu, tinsomba tabuluu ta kunyanja.

A Wyson anaganiza zoweta tinsombato kuti tikaswana azigulitsa kumalo ogona alendo ku Likhubula. Anapita kwa Kingstone, wodula magalasi pa Chitakale, kuti awapangire thanki.

"Madala, si inu munkanena kuti tinsombati timafuna malo aakulu?" anafunsa Kingstone. "Ndikudulireni ya mita imodzi."

"Ndikaiika pati? Nyumba ya kampani tinatulukamo, tili m'chipinda chimodzi. Ingodula yokwana pampando."

Kwa miyezi iwiri zinthu zinayenda bwino. Nthawi yoswana itakwana, kamphongo kakakulu kanayamba kuthamangitsa tinzake, ndipo tinalibe kothawira. Sabata iliyonse a Wyson ankavuula kamodzi kali chagada, zipsepse zitathothoka. Kakakazi kotsiriza kanafa mazira ali m'kamwa.

Akazi awo, a Lines, anawauza kuti akataye kankhanzako kumtsinje.

"Sikanalakwe," anayankha a Wyson. "Ine ndinkadziwa."

Chaka chomwecho, imvi zili mbuu, anakalembetsa ganyu yothyola tiyi. Ankawerama tsiku lonse dengu lili kumsana, ndipo nkhani ya nsomba sanaiyambenso ndi munthu.