A Chibwe ndi Landilova yakumwa saladi

A Stanislaus Chibwe anafika ku Petauke chaka chotsatila ufulu, atanyamula sutukesi imodzi ndi laisensi yoyendetsela galimoto imene ankaisunga ngati khadi la ubatizo. Anali Mubemba. Ine ndine Mnsenga wa ku Nyampande, ndiye mwa chimbuya chathu ndili ndi chilolezo chowanena mmene ndifunila, ndipo akadandaula ndimawonjezela.

Tinagwila nchito pamodzi zaka makumi awili ku kopaletivu ya alimi, ine pa sikelo, iwo pa chiwongolelo cha Landilova ya dizilo. Munthuyu sankamwa, sankasuta, koma anali ndi nthenda yoposa mowa: kusamva. Udalaivala ndiwo unali moyo wawo wonse. Ngakhale mkazi wawo, amai Olipa a ku Sandwe, anawapeza chifukwa cha galimotoyo, atawanyamula panjila ndi thumba la nshawa, thumbalo kumbuyo, mwini wake kutsogolo.

Mu 1988 dizilo inayamba kuvuta. Landilova inkatha sabata yonse ili pansi pa mtengo wa mango, a Chibwe akuizungulila ndi kansalu ngati munthu wodwazika matenda. Chaka chomwecho kopaletivu inalandila makina ofinyila mpendadzuwa ndi manja. Ife tonse tinaona ndiwo zokazinga, popeza saladi, mafuta ophikila aja, m'masitolo tinali titaiwala ndi nkhope yake. A Chibwe okha ndiwo anaona ulendo. Akuti mzungu wina wa ku migodi anawauza kale kuti injini ya dizilo simasankha chakudya.

Ndinawauza kuti mbuya, kwanu mumadya anyani, musaganize kuti ndi galimoto yomwe imadya chilichonse. Anangondiyang'ana, nkupitiliza kusefa mafuta pa chitenje chakale cha amai Olipa, kusefa katatu, mpaka mkazi wawo analeka kuwalankhula masiku awili.

Chondikwiyitsa nchakuti zinatheka. M'mawa ankathila kabotolo ka dizilo mu sefa ya injini kuti ilile, ikatentha nkuyamba kukoka saladi ya m'thanki. Inkayenda, kukwela mapili a Kacholola ikutsokomola, utsi wake ukununkha vitumbuwa. Agalu a pa Nyimba ankaithamangila malovu ali chuchuchu. Vuto linali limodzi, ndipo a Chibwe ankalidziwa ngakhale sankalivomela pagulu: injini ikazizila ili ndi saladi m'mitsempha, mafutawo ankalemela ngati uchi, ndipo popanda dizilo yoyambila sinkadzukanso. Batile nayo inali nkhalamba ngati ine lelo.

Mwezi wa Juni apongozi awo aakazi anamwalila ku chipatala pa boma, ndipo mtembo unayenela kupita ku Sandwe. A Mukela, manijala wathu, munthu wosaseka wa mtundu wa Alozi, anabweleketsa galimoto koma ananena poyela kuti dizilo alibe, ndiponso kuti Lachisanu m'mawa Landilova iyenela kukatenga akuluakulu a chigawo odzayendela madepoti. Ikapanda kupezeka, a Chibwe asadzabwelenso ndi nkhani, adzangobwela ndi makiyi. Apo linali Lachinayi. Ndinawanong'oneza kuti tifune lole ya munthu wina. Anati mkamwini wokhala ndi galimoto sanyamulitsa apongozi ake pa lole ya eni. Kabotolo kotsiliza ka dizilo anakathila m'mawa womwewo, ine ndikuona, ndipo ndinakwela nawo chifukwa chitsilu sichiyenda chokha.

Msewu wa ku Sandwe mumaudziwa. Tinafika dzuwa lili pamutu, mafupa onse atasinthana malo. Anthu anatsitsa bokosi, amai anayamba kulila, ife amuna tinakhala pansi pa mtengo. A Chibwe anaimika galimoto pambali pa nyumba ya malilo nkuisiya ikulila. Nzelu yawo inali yakuti ingoguguda choncho mpaka titaika malilo, tibwelele injini ikali yotentha. Mudziwo uli pa mchenga wathyathyathya, palibe ndi kamtunda komwe kokankhilapo.

Tsono taganizani. Kwathu wa njinga amatsika akamadutsa pa malilo, wa wailesi amatseka. Apa a kwaya akuyesa nyimbo, pansi pake gudugudu wa injini. Mlaliki akukweza mawu, injini nayo osagonja. Pamwamba pa izo, fungo. Anthu amene anagona pamalilo ndi njala, amene sanalawe saladi chaka chathunthu, anayamba kutembenuka mmodzimmodzi kufuna kuona amene akukazinga. Mai wina anafika mpaka kuseli kwa nyumba ndi mbale.

A Febian Daka, amalume a amai Olipa, ndiwo anali mwini malilo. Anatuma munthu kawili kuti galimoto izimitsidwe, a Chibwe nkumayankha kuti aleke pang'ono, afotokoza bwino. Kachitatu anabwela okha, nagwada pa bondo limodzi patsogolo pa mkamwini wawo, zimene zinatichititsa manyazi tonse.

"Atate ake a Doris," anatelo motsitsa mawu, kuwaitana ndi dzina la mwana wawo, "mlongo wanga mwamubweletsa, tathokoza. Lomba tifuna timve zimene abusa akumuuza. Kapena galimoto yanu ili ndi mawu oposa awo?"

A Chibwe anayamba za mitsempha ya injini, za kulemela kwa mafuta, za Lachisanu. Ine ndinawatsina pa ntchafu. A Febian anamvetsela zonse mpaka kumapeto, nkungoti iwo za injini sadziwa, adziwa za malilo. Apo amai Olipa anatuluka m'nyumba, maso ali otupa, naima pakhomo. Anangowayang'ana amuna awo.

Ndinawaona a Chibwe akunyamuka. Anayenda pang'onopang'ono, nafika pa galimoto, naika dzanja pa boneti kanthawi ndithu. Kenaka analowetsa mkono pa windo nkuzimitsa. Kunagwa bata loti ndinamva njiwa kutsidya kwa dambo. Anabwela kudzakhala pafupi nane, nati, "Mbuya, nchito ija yatha." Ndinafuna kuwaseka monga mwa mwambo wathu, koma tsiku limenelo ndinawaleka.

Kumanda anagwila fosholo kuposa aliyense. Titabwelako dzuwa linali litapendeka, kamphepo ka Juni katayamba. A Chibwe anayesa kuliza injini: osadzuka. Amuna khumi ndi awili anakankha mumchenga mpaka ena anayamba kutukwana Mubemba ndi mtundu wake wonse. A Chibwe anaika makala pansi pa injini kuti mafuta asungunuke, nkutsala pang'ono kuwotcha galimoto ya eni. Batile inalila kawili ngati mbuzi yodwala, basi.

Lachisanu linatipeza ku Sandwe tikudya nyemba za pamalilo. Ine ndinabwelela pa njinga yobweleka, matako akundiwawa sabata yonse, ndipo dizilo yokaidzutsa inapezeka patapita masiku asanu ndi anayi. Akuluakulu aja anayendela madepoti pa thilakitala, atakhala pa matumba.

A Mukela sanakalipe. Anatambasula dzanja. A Chibwe anaika makiyi, koma m'malo mopepesa anayamba kulangiza kuti dalaivala watsopano azisefa katatu, osati kawili, ndipo asamazimitse pamalo opanda mtunda. A Mukela anawauza kuti dalaivala watsopano adzathila dizilo kapena adzayenda pansi.

A Febian atamva, anawapatsa munda m'mbali mwa mtsinje. Ndiko ali mpaka pano, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi akuphunzila kugwila khasu, mizele yake yokhotakhota ngati msewu wa kwawo. Mwezi watha ndinapita kukawaona. Ndinawafunsa ngati tsopano avomela kuti saladi ndi ya mumphika. Anati ayi, galimoto inayenda bwinobwino, ndipo ikanabwelela pa nthawi yake abusa aja akanafupikitsa ulaliki.