Kapeti ya Hamamu

Kwathu ku Kena, aliyense wokwera Pijo ya Hamamu, galimoto yonyamula anthu, ankayamba wagwedeza nsapato panja. Galimotoyo inali nkhalamba, koma m'kati mwake munkanunkhira sopo. Hamamu sankapita nayo kwa amisiri. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti ankamasula mipando, n'kukwecha kapeti ndi burashi, kusoka pong'ambika ndi singano yokhota, kumata nsalu za m'zitseko ndi guluu. Tinkamuseka kuti akanakwatira galimotoyo, iye n'kumangomwetulira ulusi uli kukamwa.

Chaka china, nyengo yodula nzimbe, anthu a banja la Radwani anamubisalira m'munda chifukwa cha mkangano wakale wa ngalande ya madzi. Zipolopolo zinaswa galasi n'kupeza mng'ono wake Bahiti, amene anakhala pampando wakutsogolo. Hamamu anathamangitsa galimoto dzanja limodzi litatseka bala la pakhosi, koma pofika kuchipatala magazi onse a mnyamatayo anali atathera pa kapeti.

Kwathu munthu wophedwa salilidwa mpaka magazi ake atabwezedwa. Mayi ake, a Nafisa, anabweza onse odzapepesa, ndipo analumbira kuti aliyense wokhudza kapetiyo ndi madzi si mwana wawo. Motero Hamamu ankayenda ndi banga lakuda lija, likununkha dzuwa likatentha, okwera atakweza mapazi. Bambo ake aang'ono, a Sabiti, anamuikira mfuti pansi pa mpando. Akakumana pamsika ankamufunsa mokweza ngati singano yake yatha ntchito, kuti amugulire mpango wachikazi.

Hamamu sanali munthu wopha. Lachisanu lina m'mawa ndinamuona akumasula mipando pakhomo. Anazula kapeti yonse, guluu wakale akulira ngati chikopa chosendedwa, n'kuikulunga mu nsalu yoyera ya maliro. A Sabiti anatulukira ndi chibonga.

“Ukufufuta mng'ono wako, galu iwe?”

“Ndikukamuika m'manda yense, bambo. Watopa kupondedwa ndi nsapato za anthu.”

Chibonga chinatera pakamwa, mano n'kugwera m'fumbi. Chachiwiri chinathyola mkono. Anamumenya mpaka amuna anayi anachita kuwagwira, mayi ake ali chiimire pakhomo. Hamamu anadzuka, anapanira mtolo uja m'khwapa, n'kudzikoka mpaka kumanda. Anaukwirira pambali pa Bahiti ndi dzanja limodzi.

Mkono utapola anagula kapeti yofiirira. Anaiyeza ndi pepala, anaidula mosamala pozungulira giya, anaimata n'kuitsendereza ndi njerwa kuti igwire. Ndinamuthandiza kugwira m'mphepete. Ankaimba chapansipansi, mpweya ukutulukira m'magweru.

Koma a Sabiti sanagone nazo. Anatenga mfuti ija okha n'kukapha mwana wa Radwani pa sitolo ya feteleza, anthu akuona, kenako anathawira kumapiri. Tonse tinadziwa chotsatira. Kwathu obwezera safuna amene anawombera, amasankha munthu amene banja lingamulire kwambiri. Tinamuuza Hamamu athawire ku Kairo. Anayankha kuti amayi ake adya chiyani.

A banja la Radwani anamupeza masana pa siteji, akudikira okwera. Anauza anthu atsike, ndipo anamuwombera kumutu ndi pachifuwa ali chigwirire chiwongolero. Anagwera cham'mbali, pa kapeti yake yatsopano.

Galimoto itakokedwa kufika pakhomo, amuna a banja la Hamamu anali atayamba kale kunong'onezana za mfuti. A Nafisa anatuluka ndi ndowa, sopo ndi burashi ya mwana wawo. Anagwada pachitseko, mayi wokalamba wa mawondo ouma, n'kuyamba kukwecha. Madzi ofiira ankayenderera mpaka kumapazi athu. Wina atafuna kuwaletsa, sanatembenuke n'komwe.

“Yalani mikeka, anthu abwere adzapepese,” anatero. “Ana anga onse awiri. Uyu sankafuna litsiro m'galimoto mwake.”