Nyimbo Imene Deki Inatafuna

Dzulo mwana wanga amapaka kyutekisi m'zikhadabo pakhonde. Fungo lakelo linandibweza ku Mpingwe, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Bambo ankagulitsa nsalu m'sitolo ya Mmwenye wina ku Limbe, ndipo akazi a abwanawo anatipatsa tepi ya filimu yakale ya kwawo. Chilankhulocho sitinkachimva, koma mayi ankaikonda koopsa, makamaka nyimbo imene mnyamata ankaimbira mtsikana m'munda wa maluwa.

Loweruka lina mayi ali kumsika, ndinabwezabweza nyimboyo mpaka deki inatafuna tepi. Ndinaisolola itapotana ngati matumbo a nkhuku. Mayi atabwera sanandikalipire. Anangokhala pansi, jumbo ya tomato ili m'manja. Bola akanandimenya.

Masana bambo anadula potafunikapo ndi lumo, nalumikiza ndi kyutekisi wa mayi, akuuzira kuti aume. Tinadzazana pamkeka. Filimu inayenda ndithu, koma mnyamata uja atangotsegula pakamwa, tinangoona ali kale m'sitima.

"Nyimbo yanga yapita," anatero mayi chapansipansi.

"Yapita kuti, ine ndilipo?"

Bambo, mkulu wa mpingo wathunthu, anakoka nsalu ya patebulo n'kuikoleka paphewa. Anabisala kuseri kwa chitseko, nasuzumira akuphethiraphethira, akuimba Chimwenye chopeka chosakaniza ndi Chilomwe. Akuvina choncho, mimba yawo inkagwedezeka payokha. Ife tinagubuduka ndi phwete.

"Bambo ake, ana akuona!" Mayi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akunjenjemera. Kenaka anadzuka, navula masilipasi.

"Mukulakwitsa inu. Dzanja limapita uku. Bwerani."