Nyanga ya pansi pa sinki

Mwana wathu woyamba ndinamunyamula kuchipatala tsiku limene anabadwa, kenako ndinatha pafupifupi mwezi ndikungomuonera m'manja mwa anthu ena, m'nyumba mwanga momwe. Chimene chinandimanitsa mwana wanga ndi nyanga ya gwape imene ndinkasunga pansi pa sinki. Ndiyambe ndi mmene nyangayo inafikira pamenepo, poti sinabwere yokha.

Chaka chimenecho tinkakhala ku Partick, mu mzinda wa Glasgow, pamwamba penipeni pa mdadada wakale wa miyala, poti ukakwera masitepe ndi majumbo a zogula umafika uli wefuwefu. Loweruka lina mvula inandipeza ku Hillhead, ndipo ndinathawira m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Sindinalowe kuti ndikaphunzire kanthu ayi, ndinkangofuna pouma. M'kabati ina yagalasi munali timitu ta mivi tamwala, tating'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, topyapyala moti kuwala kunkadutsa m'mbali mwake. Kalikonse kanali ndi nsonga kutsogolo, kamchira kumbuyo komangirira ku bango, ndi timakutu tiwiri toloza m'mbuyo, toti muvi ukalowa m'nyama usatulukenso. Pambali analembapo kuti anasema ndi anthu a kuno kalekale, chitsulo chisanadziwike. Ine, munthu woti pokhoma msomali ndimayamba ndakhoma chala, ndinayang'ana timituto n'kunena mumtima kuti aa, izi zokha ndingathe.

Ndinaonera mavidiyo pafoni mpaka maso kuwawa, kenako ndinaitanitsa zida. Kunabwera miyala yotuwa ya fulinti, imene ikasweka imathwa kuposa lezala, chikopa choyala pantchafu, ndi nyanga ziwiri za gwape wa kuno, yaikulu yomenyera ndi kansonga kodinira. Pofotokoza, ntchito yake imamveka yosavuta. Umamenya mwala kuti ubenthuke, n'kusankhapo chibenthu chopyapyala. Chibenthucho umachigwira m'chikopa n'kumadina m'mphepete mwake ndi kansonga kaja, tizibenthu tikuthothoka kamodzikamodzi, mpaka chifanane ndi tsamba. Nkhondo ili pomaliza, posema timipata tiwiri kumbuyo kuti makutu aja ndi kamchira zioneke. Ukadina monyengerera sipachoka kanthu. Ukawonjezera mphamvu pang'ono pokha umangomva kuti thyo, khutu lapita.

Ine makutu ankangopita. Ndinali ndi chitini cha bisiketi chodzaza mivi ya khutu limodzi, ina yopanda khutu n'limodzi lomwe, ndipo ndinkaisunga ngati kuti tsiku lina adzamera. Zala zanga zinadzaza timabala tating'onoting'ono tondandalikana, toti fumbi la mwala likalowamo tinkada. Mkazi wanga ankati anakwatiwa ndi munthu wa digiri koma akukhala ndi woswa kwale. Anandiletsa kusemera m'nyumba, ndiye ndinkatsikira kuseri, pabwalo la mabini ndi zingwe zoyanikapo zovala, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Ndikamaliza, zida ndinkazikulunga m'chikopa chija, n'kumanga ndi chingwe, n'kuzikankhira pansi pa sinki kuseri kwa sopo, kuti mkazi wanga asamazione n'kuyambanso kundiseka. Ndinkadziona ngati wochenjera kwambiri.

Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, anafika kuchokera ku Dedza mwana atangobadwa kumene, kudzathandiza za chikuta. Ndi mayi wa mapemphero, komanso wa mwambo. Kwa iwo mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sakumana pampata. Kumudzi zimatheka, bwalo ndi lalikulu. Kwathu ku Partick kanjira ka m'nyumba n'koti anthu awiri sangapatukirane. Ndikamva masilipasi awo ndinkathawira m'bafa n'kudikira adutse. Iwo akamva mapazi anga ankatembenukira kukhoma n'kuwomba m'manja pang'ono. Moni tinkapatsirana kuseri kwa chitseko, mwadzuka bwanji, tadzuka bwino kaya inu, basi. Nkhani zina zonse zinkadutsira mwa mkazi wanga, ngakhale tonse atatu tili m'chipinda chimodzi.

N'chifukwa chake sindinazindikire msanga kuti akundibisira mwana. Ndikabwera kuntchito n'kutambasula manja, apongozi ankauza mwana wawo kuti andiuze kuti khanda langogona kumene, chonsecho khandalo lili maso tong'o. Mawa lake akuyamwa, mkuja akusamba, tsiku lina akuti kunja kwazizira ndiye manja anga azizira. Mkazi wanga ndi mwana anasamukira kuchipinda kwa apongozi, ine n'kutsala ndekha pabedi. Ndinkaganiza kuti ndi mwambo wina wa chikuta umene unandiphonya pokula, ndipo ndinkanyadira kuti ndine mkamwini womvera. Koma zinkandiwawa, sindinama. Popita kuntchito ndinkaima pachitseko chawo, chikwama chili paphewa, n'kumamvetsera mmene mwana akupumira. Anzanga akandifunsa ngati wayamba kulemera ndinkangoti eya, kwambiri.

Zoona zake anandiuza mkazi wanga m'mawa wina kukhitchini, amayi ake ali m'bafa. Anali wotopa, maso atalowa, ndipo sankadziwa kaya aseke kaya alire. Anati atangofika, amayi ankafuna sopo wochapira matewera, poti matewera otaya aja sawakhulupirira, ndiye anapeza kamtolo kachikopa komanga ndi chingwe, kobisidwa kumdima. Atamasula anapezamo nyanga. Madzulo ake anasuzumira zala zanga pamene ndinkalandira kapu ya tiyi, anaona timabala takuda tondandalikana, ndipo anadziwiratu kuti ndi mphini.

Kwa munthu wokulira kuno, nyanga ndi ya pamutu pa nyama basi. Kwathu, munthu wosunga nyanga m'nyumba ndi wokhwima, ndipo aliyense amadziwa kuti nyanga yotero ikamva njala imayambira mwana wa m'nyumba momwemo. Ine ndinabadwira kwathu, mawu amenewa ndinakula nawo. Koma poitanitsa zida zija ndinkaganiza m'Chingerezi, ndipo chaka chonsecho sindinatchulepo ngakhale kamodzi m'Chichewa chimene ndinaika pansi pa sinki. Mkazi wanga atachitchula m'mawa umenewo, inenso thupi linachita tsemwe.

Ndinamufunsa kuti bwanji sanawafotokozere. Anati anafotokoza mpaka kuuma kukhosi, kuti ndi masewera chabe, bambo ake a mwanayu amasema miyala. Amayi anafunsa kuti akasema amakagulitsa kuti. Iye anati sagulitsa. Anafunsa ngati amakasaka nayo nyama, iye anati ayi. Ndiye anafunsa kuti nanga ndi ya chiyani. Mkazi wanga anati sakudziwa, ndipo kunena zoona inenso sindinkadziwa. Amayi anangoti wokhwima sauza mkazi wake, komanso mwamuna wamkulu, wa ntchito yake, sangatsike masitepe onsewo n'kukakhala pamabini popanda chimene akupezapo. Anati aitana abusa a mpingo wathu wa ku Shawlands kuti adzatenthe kamtoloko, koma mphini sizitenthedwa, ndiye manja amenewo asakhudze mdzukulu wawo iwo akadali m'nyumba muno. Zoti Amalawi onse a mu Glasgow amva sizinandidetse nkhawa kwenikweni. Chimene chinandiwawa n'chakuti chitupa cha apongozi chokhalira m'dziko muno chinali cha miyezi yambiri, ndipo mwana sakanandidikira kukula.

Mkamwini sakhazika apongozi ake pansi kuti awatsutse. Ndinangopempha, kudzera mwa mkazi wanga, kuti Loweruka atsikire kuseri adzadzionere okha ntchito ya nyangayo. Nzeru yanga inali yakuti ndiseme muvi umodzi wathunthu pamaso pawo, wa makutu onse awiri, wokongola moti munthu aliyense avomereze kuti chida chija n'chida basi. Zoti chiyambire sindinamalizepo n'umodzi womwe ndinaziika pambali. Ndinadziuza kuti tsiku lofunika ngati limenelo mwala sungandichititse manyazi.

Anatsika mvula itakata, atavala chikhoti cha mkazi wanga, mwana ali kumbuyo m'kati mwa chikhoticho. Mkazi wanga anawanyamulira mpando wa kukhitchini. Anakhala chapatali pafupi ndi zingwe zoyanikapo, atapereka mbali, akundiyang'ana cham'mbali uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndinakhala pa ndowa yanga, n'kumasula kamtolo kaja. Nyanga itaonekera, nyimbo inakwera pang'ono.

Kumenya koyamba ndinaphonya mwala n'kumenya bondo langa. Kwachiwiri mwala unasweka pakati, malo olakwika. Koma kenako panatuluka chibenthu chabwino, chopyapyala, ndipo nditayamba kudina zinthu zinayenda mwa mtundu wina. Tizibenthu tinkathothoka mondimvera, mbali zonse zikufanana. Tsamba linaoneka. Ndinasema kampata koyamba, ndipo khutu linakhala. Ndinayamba kampata kachiwiri, pang'onopang'ono, ndikupemphera chamumtima, mpaka panatsala kudina kamodzi kokha. Ndinaika kansonga bwinobwino, n'kupuma, n'kudina.

Thyo. Ulendo uno silinali khutu lokha, muvi wonse unathyoka pakati, ndipo chidutswa chinanditema chala chachikulu, pambali pa timabala takale tija. Magazi anatuluka, fumbi n'kulowamo. Ndinatulutsa mawu oti satchulidwa pamaso pa apongozi, mwamwayi anali a m'Chingerezi cha kuno. Nyimbo inaleka. Ndinangokhala chiweramire, ndikuyamwa chala, ndikudziwa kuti basi, ndadziphera ndekha mlandu. Ndinali nditadzitemera mphini yatsopano iwo akuona.

Patapita kanthawi ndinamva akufunsa mwana wawo kuti ndinayamba liti zimenezi. Iye anati chaka chatha. Anafunsa kuti ndamaliza ingati. Mkazi wanga anangokwera masitepe n'kubwera ndi chitini cha bisiketi chija, n'kukhuthulira pansi patsogolo pawo. Apongozi anatenga chopanira zovala pachingwe, poti ndi chala sakanakhudza, n'kuyamba kutembenuza timiviti kamodzikamodzi. Ka khutu limodzi, ka khutu limodzi, kopanda khutu, ka khutu limodzi. Anafufuza mpaka kutha, ngati munthu wosankha nyemba.

Kenako ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje, koma kuseka kunawapambana, ndipo anaseka mpaka misozi, mwana akugwedezeka nawo kumbuyo. Atapeza mpweya anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, munthu wokhwima zinthu zimamuyendera. Awa ngakhale nyangayo inawakana."

Moyo wanga wonse sindinasangalalepo chonchi pomva kuti ndine wolephera. Mkazi wanga anakhala pansi pa udzu wonyowa, akuseka n'kulira nthawi imodzi. Apongozi anapukuta misozi, n'kuyamba kumasula chikhoti. Ndiyeno anachita chimene anali asanachitepo kuyambira pamene ndinakwatira mwana wawo, analankhula kwa ine ndemwe, maso ali pa mabini.

"Bambo, kasambeni m'manja ndi sopo. Chalacho mumange."

Masitepe aja ndinakwera osawamva. Sopo ndinamutenga pansi pa sinki pomwepo. Ndinasamba mpaka m'zigongono, n'kumata pulasitala mopotoka, n'kutsika ndikuthamanga, kuopa kuti angasinthe maganizo. Ndinapeza atamutsitsa kale mwana kumbuyo, ali m'kabulangete kake, akuyang'ana kumwamba. Ndinagwada monga mmene mkamwini amachitira, n'kutambasula manja. Asanamusiye anamugwirabe pang'ono.

"Mugwire bwino mutu. Uyu wabadwa ndi makutu awiri, tikufuna onse akhalepo."

Anali atalemera kuposa mmene ndinamusiyira kuchipatala, ndipo nkhope yake inali itasintha ine kulibe. Anagwira chala changa cha pulasitala n'kuchifinya. Ndinalira pamabini pomwepo, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndipo apongozi anatembenukira kukhoma kuti asandione.