Chingwe cha Pakati pa Ine ndi Ababa

Jekete la ababa linkanunkha utsi, girisi wa njinga ndi chinyezi cha chiperoni. Linali labuluu wozilala, zipi yake inafa kalekale, ndipo ankalimanga pakhosi ndi pini wa amayi. Fungo limenelo ndimalidziwa kuposa la nyumba yathu, chifukwa chaka chimene ndinali mu Sitandade 3 ndinatha nyengo yonse yozizira mphuno ili pamsana pawo. Ababa ankapalasa kabaza pa Njuli. M'miyezi imeneyo kasitomala wawo woyamba m'mawa uliwonse ndinali ine, wosalipira komanso wolongolola.

Zinayamba ndi mbatata. Kunazizira kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinali nditakhala pafupi ndi moto m'khitchini, pamafuwa pali mphika wa madzi osambitsira mlongo wanga Yamikani, amene anali khanda. Ndinatambasula dzanja kuti nditembenuze mbatata yanga paphulusa, chigongono n'kugunda mphika uja. Madzi anandipsereza kuyambira m'nthiti, kutsika ntchafu yonse mpaka kuseri kwa bondo. Kulira kwanga sindikukumbuka, ndimakumbuka kwa amayi.

Kuchipatala cha pa Njuli kunali anamwino ena aatali, a manja ozizira koma odekha. Atanditsuka n'kundimanga, anawatengera ababa pakhomo, koma chitseko sichinkatsekeka bwino ndipo ndinamva zonse. Anati chilonda cha kuseri kwa bondo n'chovuta, chimafuna kutsukidwa m'mawa uliwonse ndi kuwongola mwendo, ngakhale mwana alire motani. Tikajomba, khungu lidzapola mokoka, mwendo udzapinda, ndipo sudzawongokanso. Ndinayang'ana mwendo wangawo uli m'bandeji ndipo ndinachita mantha. Ine ndinali katswiri wa fulaye pamudzi pathu, mpira sunkandipeza wamba.

Amayi sakanatha kuyenda mtunda wautali wopita kuchipatalako ndi khanda kumsana, choncho ntchito inagwera ababa. Vuto linali kakhalidwe ka panjinga. Kukhala motangadza sindikanatha, ndinkakhala cham'mbali ngati azimayi opita ku tchalitchi, miyendo yonse mbali imodzi. Amayi anayesa kundimangirira kwa ababa ndi chitenje, koma chinkadutsa pachilonda cha m'nthiti, ndipo ndinakuwa mpaka agalu a oyandikana nawo anayankha. Tinangoti ndizigwira jekete lija mwamphamvu.

Koma usiku sindinkagona chifukwa cha ululu, ndipo mapiritsi amene ankandipatsa ankandilemeretsa zikope. Njinga nayo imagonetsa. Tsiku lina tikudutsa m'minda ya nandolo, tisanafike pa tala, dzanja linamasuka lokha. Ndinadzidzimuka ndili pansi, m'kamwa muli dothi, bandeji itafiira. Ababa anandinyamula, ndipo ndinkamva mtima wawo ukugunda kupyola jekete. Patsogolo pang'ono pokha panali msewu waukulu, pamene malole a miyala ankadutsa akugwedeza nthaka.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakana. Kukacha ndinkagwira mwendo wa bedi ndi manja onse, ndipo amayi anayesa kunyengerera, anayesa kuopseza, anayesa kulonjeza mandasi, koma ayi ndithu. Ndinkaopa kugwa, ndinkaopa malole, ndinkaopanso kulira kwa sizasi podula bandeji youmirira pachilonda. Ababa sanali munthu wokwapula ana. Ankangokhala pakhonde atagwira chipewa, njinga itatsamira khoma, anzawo akunyamula makasitomala awo. Bondo linayamba kuuma, ndipo m'chipinda munayamba kafungo kamene amayi ankayesa kubisa ndi utsi wa masamba a bulugamu.

Ababa anali ndi foni yamabatani yokhala ndi wailesi, koma wailesiyo sinkalira popanda mahedifoni, poti chingwe chake ndicho chinkakoka mawu. Mahedifoni awo akale makoswe anali atawadya. M'mawa wina wa tsiku la msika analowa m'chipinda n'kugwada pafupi ndi bedi. "Edina," anatero, "tiye ukandithandize kusankha mahedifoni. Usankha ndiwe." Anandilonjeza kuti sapalasa, ndipo anasungadi mawu awo. Anandikhazika pakaliyala n'kukankha njinga wapansi ulendo wonse, dzanja limodzi pachiwongolero, lina paphewa langa. Tinayamba talowa kuchipatala, ndinalira mokwanira, kenako tinapita kumsika ndikusisima.

Wogulitsa zamafoni anali ndi tebulo pansi pa ambulera yong'ambika, pakati pa mayi wa tomato ndi okazinga chipisi. Anali achimwene ena olankhula mothamanga, ndipo mahedifoni anawapachika pachingwe ngati usipa woyanika. Anatilongosolera mtundu uliwonse. Aakulu a siponji anati ndi a paulendo wautali, ukakwera basi ya ku Joni sumva injini kapena mwana wolira. Ena ang'onoang'ono anati ndi ongomvera uli pakhomo. Ena akuda, okhala ndi tingowe tokola kuseri kwa khutu, anati ndi a anthu othamanga, sagwa ngakhale udumphe mtsinje. Ine maso anga anali atakakamira pa aakulu apinki. Achimwene aja anandiveka, makutu anga anafunda, msika wonse unangoti zii. Ndinaganiza za anzanga akusukulu, mmene akanayang'anira, ndipo kwa nthawi yoyamba chipsereni ndinamwetulira.

Ababa sanafunse n'komwe za kamvekedwe. Anatenga akuda onyansa aja, n'kukoka kangowe kuti aone ngati kali kolimba. Anayang'anitsitsa chingwe chake, chimene chinali zingwe ziwiri zomatana m'mbali. Kenako anandikhazikanso pakaliyala, iwo n'kukwera pachishalo, foni m'thumba la jekete. Anakola kangowe kamodzi kukhutu kwawo kwa kumanzere, kena anafuna kukola kwanga, koma sikanafike. Ndiye anagwira pamphanda pa chingwecho n'kuyamba kulekanitsa pang'onopang'ono ndi zikhadabo.

"Madala, mukang'amba mwagula," anatero achimwene aja.

"Ndagula kale," anayankha ababa, osadzutsa mutu.

Ankang'amba pang'ono, n'kundiuza kuti nditsamire kumbuyo, n'kung'ambanso. Sankafuna kuti chitalike kwambiri. Nditakhala bwino chinkalendewera pang'ono, ndikapendekeka chinkakungika. Atakhutira anamanga pamphanda paja ndi kachidutswa ka mphira. Ine ndinali nditatupa ndi mkwiyo. Ndinawakumbutsa kuti anati ndisankha ndine, ndipo iwo anati, "Wailesi uzisankha ndiwe, mayi." Pobwerera sindinawalankhule, koma khutu langa linali ndi kwaya mkati, ndipo sindinazindikire kuti anali akupalasa.

Umo ndi mmene tinayambiranso kuyenda. Tinkanyamuka nkhungu isanachoke paphiri la Chiradzulu, udzu uli nyowe, mapesi a chimanga ali mbwee m'minda. Amayi ankandiveka juzi ziwiri ndi duku, n'kundikola kangowe kukhutu kwa kumanja, kumene kunayang'ana msana wa ababa. Khutu lawo la kumanja ankalisiya lopanda kanthu, ankati limenelo ndi la msewu. Tinkapitirira azimayi osenza madengu a kabichi, anyamata oyendetsa mbuzi, ndi ana anzanga a yunifolomu amene ankandikuwira dzina. M'khutu mwanga munkadutsa nyimbo za m'mawa, mauthenga a maliro, moni wa anthu a kutali otumizira abale awo. Ababa ankang'ung'udza kanyimbo pamene akukwera chitunda, ndipo ndinkamva mawu awo akunjenjemera m'msana. Ndinkadabwa kuti munthu wamkulu angaphonye bwanji nyimbo chonchi, poti zimene ankaimba sizinkagwirizana konse ndi za pawailesi.

Chifukwa chake ndinachipeza kuchipatala. Tsiku lina bandeji inamatirira kwambiri, ndipo ababa ataona ndikunjenjemera anavula kangowe kawo n'kundikola kukhutu linalo, kuti ndisamve sizasi. Mbali yawoyo inali chete. Ndinagogoda ndi chala, ndinapinda chingwe, koma munalibe ngakhale kaphokoso. Ndinatanganidwa nazo moti anamwino anamaliza kutsuka ndisanayambe kulira bwinobwino. Titatuluka ndinawauza kuti mbali yawo ndi yakufa, ndipo mwina anaiwononga okha tsiku lija ankang'amba.

"Ukunena zoona?" anatero. "Ine imandithandiza bwinobwino."

Anakolanso kangowe kakufako kukhutu kwawo, tinanyamuka. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinaganiza kuti akuchita manyazi kuvomera kuti anataya ndalama, ndiye ndinayamba kuwathandiza mochenjera. Ndinkawafotokozera zonse zimene wailesi ikunena, ndikukuwira mujekete, ndipo ndikakhala chete kanthawi ankafunsa, "Akuti bwanji tsopano?" Ndinkawauza za nyengo, za mpira, za munthu amene wataya ng'ombe. Zina ndinkawonjezera zanga, monga zakuti boma lalamula kuti mwana aliyense wodwala azidya mandasi awiri. Ankagwedeza mutu n'kunena kuti lamulo ndi lamulo, ndipo ankaguladi.

Koma tulo ndi tulo. M'mawa wina, chilonda chitayamba kuyabwa moti sindinagone, tinalowa pa tala kukuwaza kamvula ka chiperoni. Pawailesi panali nyimbo yapang'onopang'ono, yopanda choti ndifotokoze. Ndikukumbuka kufunda kwa msana wawo ndi kulira kwa matayala pamsewu wonyowa, basi. Ndinadzidzimuka dzanja la ababa litandigwira juzi chakumbuyo, njinga italowa muudzu, lole ya miyala ikudutsa pafupi moti mphepo yake inandivula duku. Ndinali nditapendekera chagada, kumsewu. Ababa anatsika, anandikhazika bwino, n'kuima atagwira chishalo, akupuma ngati athamanga. Kuseri kwa khutu lawo kunkatuluka timagazi, pamene kangowe kanakanda. Ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji kuti ndagona, popeza sanacheuke.

"Ndili ndi maso kumsana," anatero, n'kupita kukatola duku.

Ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Kwa masiku ambiri ndinkafufuza jekete lija ndi chala, kufuna pamene masowo ankaonera, ndipo ndinasiya kuba shuga ababa akakhala kuti andifulatira. Mantha a njinga anandithera pomwepo. Ndinkadziwa kuti ngakhale nditagona, munthu wamaso anayi sangandigwetse.

Mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi, chilonda chinali chitatseka. Anamwino aja anandiimika pakhonde la chipatala n'kundiuza kuti ndiyende mpaka pamtengo wa mango ndi kubwerera. Ndinayenda motsimphina, koma chidendene chinkafika pansi, mwendo uli chiwongokere. Ababa anavula chipewa n'kuwathokoza, kenako anatembenukira kumbali n'kumakonza tcheni chimene chinalibe vuto lililonse. Nditabwerera kusukulu ndinauza kalasi yonse za maso akumsana, ena anaseka, ena anachita mantha. Mahedifoni akuda aja anapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo sindinaone ababa atawavalanso.

Lero ndimakhala ku Limbe, ndipo m'mawa ndimathamanga ndi mwendo womwewo, chipsera chake ndimachibisa kapena osachibisa, malinga ndi tsiku. Mahedifoni ndili nawo a mitundumitundu, ena a m'minibasi, ena othamangira, ena apinki amene ndinagula mwamakani ndi malipiro anga oyamba. Ababa anasiya kupalasa, mawondo anakana, tsopano amakonza njinga za anzawo pansi pa mtengo. Nyengo yozizira yapitayi ndinawagulira abwino kwambiri, opanda chingwe, kuti azimvera wailesi pogwira ntchito. Anatsegula kabokosi, anatembenuza timahedifonito padzanja lawo lagirisi, anasuzumiranso m'kabokosi muja.

"Chingwe chili kuti?"

Ndinaseka n'kuwauza kuti a masiku ano sakhala ndi chingwe, ndiye ubwino wake.

"Nanga mnzako akayamba kugona kumbuyo, udziwa bwanji?"

Anafunsa wamba, mmene munthu amafunsira mtengo wa mchere, n'kupitiriza kupopa tayala. Ine ndinakhala pabenchi yawo. Zaka zonsezi ndinkakumbuka bambo amene anandimana mahedifoni apinki, amene anawononga mbali yake n'kuchita manyazi kuvomera, amene anali ndi maso kumsana. Sindinaganizepo kuti tsiku lija pamsika sankagula nyimbo. Ankayeza kutalika kwa kugwa kwanga, n'kukumangirira kukhutu kwawo. Ndinayang'ana kuseri kwa khutu lawo la kumanzere, ndipo kachipsera kaja kanali pomwepo, pansi pa imvi.