Atelala Asaka Odandaula

Atelala akhala akusoka pakhonde la sitolo imodzimodziyo kwa zaka makumi atatu, tepi ili m'khosi, choko kukhutu, mapini pakamwa. Za nyimbo ndiye ayi. Akayamba kuimba kutchalitchi, oyandikana nawo amasendera pang'onopang'ono. Koma mwana wawo wamkazi, yemwe anamuphunzitsa sukulu ndi makina osokera omwewa, anapanga pulogalamu ya pakompyuta yotulutsa mawu a zida zoimbira: limba, lipenga, gitala, zonse mulaputopu imodzi.

Pulogalamuyo inali isanakhwime. Mtsikanayo ankafuna oimba oti aiyese n'kumuuza pomwe ikulakwika. Analengeza pa intaneti, koma kunali zii. Tsiku lina anati mwezi ukatha osapeza oyesa, aisiya, akasake ntchito ina.

Mawuwo anawapweteka atelala. Analemba timapepala pamanja, n'kumaika kamodzi m'thumba la chovala chilichonse chomwe asoka. Pakutha kwa sabata anapeza oimba asanu ndi anayi. Koma atelala ankaperekeza aliyense mpaka kumsewu n'kumunong'oneza kuti, "Mukamulimbikitse mwanayo, musakamugwetse mphwayi."

Anthu anamvera. Onse anayankha kuti zili bwino kwambiri.

Mtsikanayo anafika pakhondepo masana, maso ali psuu.

"Ababa, ine ndikudziwa kuti penapake pakulakwika, koma makutu anga azolowera. Anthu anuwa akungoti zili bwino. Ndiye ndikonza chiyani?"

Apo n'kuti atelala akusomeka mapini pajekete yodikira mwini wake kuti adzaiyese. Dzanja linaima. Iwo eni samaliza chovala chisanayesedwe, ndipo amadziwa kuti kasitomala wongoti "zili bwino" ndi amene amakachipachika kunyumba, osabweranso. Manyazi anawagwira.

"Ndakulakwira ndine, mayi," anatero. "Ndinawatseka pakamwa. Tenga laputopuyo, tiye."

Panali kasitomala mmodzi yemwe atelala anamudumpha dala pogawa timapepala tija: mayi woimba kiyibodi m'maukwati, amene iwo anamupatsa dzina loti Yathina, chifukwa diresi iliyonse ankaibweza katatu, akuti yathina. Akamuona akubwera poteropo, atelala ankalakalaka atalowa pansi pa makina. Tsikulo anaphimba makinawo ndi nsalu dzuwa likadali pamutu, n'kupita ndi mwana wawo kukagogoda kwa mayiyo.

Mayi Yathina analumikiza kiyibodi yawo kulaputopu, n'kudina kawiri. Nkhope inachita tsinya.

"Lipengali lili ndi chimfine? Ndipo ndikadina, mawu akubwera mochedwa ngati mkwatibwi. Nanga batani lochepetsera mawu mwalibisa kuti, iwe mwana?"

Atelala thukuta linali kamukamu. Anatsegula pakamwa kuti amuikire kumbuyo mwana wawo, koma atacheuka anaona akulemba mothamanga, tsamba lachiwiri litadzaza kale, akumwetulira momwe anali asanamwetulirepo mwezi wonse. Anatseka pakamwa paja. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mnansi ameneyu ankatsina osasiya.

Patapita ola, mayiwo anaimba kanyimbo kathunthu ndi mawu a limba, maso atatsinzina.

"Limbali lokha usalikhudze, lili ndi moyo," anatero. "Zinazo ukakonze, ubwere nazo Lachisanu. Ndiitana anzanga a bandi. Amenewo ali ndi pakamwa kuposa ine."

Pobwerera, mtsikanayo sanatchulenso za ntchito ina. Njira yonse ankangowerenga zolakwikazo mokweza, bambo ake akuvomera ngati akumva.

M'mawa mwake atelala analemba timapepala tatsopano: "Tikufuna oimba odziwa kudandaula." Asanamalize, Mayi Yathina anatulukira, diresi ili pamkono.

"Atelala, m'khwapamu mwathina."

Atelala anapukuta mpando ndi dzanja, n'kuchotsa mapini pakamwa.

"Khalani pansi, mayi. Nenani zonse, musasiyeko."