Ampulifaya Yolemera ya a Shadrick

Ku Manyame Park, m'tauni ya Chitungwiza kufupi ndi Harare, kwa zaka makumi awiri, ukwati kapena maliro opanda masipika a a Shadrick Chimbalanga sankamveka ngati mwambo. Funsani aliyense. Masipika awiri akuda aakulu ngati mafiriji, ampulifaya ya dzimbiri m'makona, mawaya omangamanga ndi tepi, zonse pa ngolo yokankha ndi manja. Kusukulu sanapite patali. Anaphunzira okha potsegula mawailesi akufa a anthu pakhonde, mpaka khutu lawo linafika pomva waya wolefuka ali tsidya la msewu.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalinena mokuwa ngakhale kwa munthu amene sanafunse: "Ampulifaya yabwino imadziwika ndi kulemera. Ukainyamula, msana uzidandaula. Zopepuka ngati buledizi n'zoseweretsa ana!"

Tsono mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Ruvimbo, anapeza banja, ukwati mu Ogasiti. Apa mpamene mtima wa a Shadrick unayamba kuwasowetsa mtendere. Sipika ya kumanzere inali itakalamba, inkakhosomola pakati pa nyimbo, ndipo mankhwala ake ankawadziwa iwo okha: kamtengo ka machesi kokhomera pamene waya amalowera.

"Ndaimbira ana a eni ake moyo wanga wonse," anauza akazi awo, mayi Eneless. "Wanga yemwe ndimulowetse ndi chinthu cholira ngati chule? Tsiku limenelo Chitungwiza yonse imve."

Zatsopano m'masitolo a ku Harare mtengo wake unali wongoyang'ana n'kubwerera. Munthu wina mu kombi, minibasi ya kuno, ndiye anawaonetsa tsamba la okushoni la pa intaneti, pamene anthu amapikisana mitengo ngati pa fodya, kungoti nkhope sizioneka. Pamenepo panali ampulifaya yonyezimira ndi masipika ake awiri, mwini wake akuti ali ku Mutare. Masiku atatu a Shadrick anali pa foni. Akakweza, wina ankakweza pang'ono pamwamba pawo. Akakwezanso, yemweyo. Mapeto ake anagonja.

M'mawa mwake foni inalira, uthenga wa mawu. Mwamuna wa mawu ofatsa, Chichewa chosalala ngati wangotsika basi dzulo:

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Ndine mwini wa katundu uja. Ndaona dzina la Chimbalanga mtima wanga n'kugunda. Kumudzi ndi ku Dedza, eti? Ifenso ndi komweko. Amene anapambana uja walephera kulipira. Ndiye ndati katundu apite kwa alendo mbale wanga alipo? Koma tisadzere pa tsamba lija, amadula zambiri. Tikambirane pachibale."

Musafulumire kuseka, inu. Mumvetse kaye. Agogo awo a a Shadrick anachoka ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito m'mafamu. A Shadrick Dedza sanaipondepo. Anakula akutchedwa mubhurandaya, dzina limene ena kuno amanyozera nalo anthu ochokera ku Malawi. Chichewa chinawatsalira pa maliro ndi pa mayi Eneless basi, ana awo ukawalankhula amamva bwinobwino koma kuyankha ndi Chishona. Ndiye munthu wotere umutche achimwene, umufunse za kumudzi? Wakubayo, galu ameneyo, anadziwa pogwira.

Ruvimbo atabwera kuchokera ku saluni kumene amagwira ntchito, anatenga foniyo, kuitembenuza kanthawi, nkhope n'kugwa.

"Baba, imbavha iyi," anatero m'Chishona. Ataona kuti bambo ake sakutekeseka, anadzikakamiza Chichewa chake chopunduka chija. "Ndi mbava, baba. Chithunzi ichi ndachipeza pa masamba ena awiri, kwina akuti katundu ali ku Joni. Amene amakweza mtengo uja ndi iye yemwe kapena mnzake. Nambala yotumizira ndalama ili ndi dzina la mkazi. Za Dedza munalemba nokha pansi pa chithunzi cha agogo, aliyense akhoza kuwerenga."

"Wamva mawu ake iwe?"

"Ndamva. Muuzeni chinthu chimodzi chokha. Alembe tsiku la lero papepala, aike pamwamba pa ampulifaya, ajambule. Ngati ali nayo, n'chovuta chiyani?"

A Shadrick anamenya tebulo. "Ndiuze mbale wanga atsimikize kuti si wakuba? Agogo ako akanafera m'tchire pakanapanda anthu amene anangomva 'muli bwanji' n'kuwatsegulira chitseko. Sanawafunse pepala! Wolankhula chinenero chako umampatsa mpando, sumupisa m'thumba. Inu ana a pa foni ulemu munautaya."

"Bambo a Ruvimbo," mayi Eneless analowererapo mofatsa, "fodya wako ndi amene ali pamphuno. Masipika akalewa musagulitse atsopano asanafike."

"Nanga ndilipira ndi chiyani, amake mwana? Ndi mano?"

Funso a Shadrick anamufunsa ndithu wogulitsayo, koma lawo lija. "Achimwene, imalemera bwanji?" Yankho linabwera ndi kaphwete: "Mubwere ndi anthu awiri, achimwene, nokha muthyoka msana." Basi, nkhani inathera pomwepo. Pangano linali lakuti theka atumize tsopano, theka katundu akafika m'manja. A Shadrick anati kodi mbava ingalole zimenezo? Masipika akale, ampulifaya, ngakhale mawaya, anagulitsa kwa Brendon, mnzawo wopikisana naye pa ntchitoyi, amene anakhala akuwanyengerera zaka zambiri, n'kutumiza theka loyamba.

Lachinayi masana, kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike, basi inafika pa Town Centre. Kondakitala anatsitsa katoni imodzi yomanga ndi zingwe. Masipika akuti sanakwane, abwera mawa. A Shadrick anawerama, kugwira, kunyamula. Msana unalira. Iwo anaseka mokweza mpaka amayi ogulitsa tomato anacheuka.

"Iyi ndiye ampulifaya!"

Pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, katoni asanatsegule, anatumiza theka lotsala lija.

Kunyumba anaitana aneba kuti adzaone. Chibokosi cha ampulifaya chinali chenicheni, mabatani onse alipo. Analumikiza ku magetsi: zii. Anagogoda ndi chala pamwamba, khutu lawo lija n'kumva chinthu chimene mtima unakana. Anamasula masikuluwu anayi. M'kati munali njerwa zitatu zokulunga m'bulangete lakale, zothina bwino kuti zisagwedere.

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Aneba anatuluka mmodzimmodzi ngati akuchoka pa siwa. A Shadrick anaimba foni, yozimitsa. Anaimbanso, anaimbanso, mpaka batire kutha. Ku polisi anawalandira bwino, wapolisi n'kutenga cholembera.

"Wakubayo dzina lake ndani, madala?"

A Shadrick anatsegula pakamwa. Sabata yonse ankalankhula ndi munthuyo, ndipo dzina limene ankalidziwa linali achimwene.

Loweruka ukwati unachitika. Brendon, tisamunamizire, anabwera ndi masipika aja osalipiritsa kanthu. A Shadrick anakhala kutsogolo pa mpando wa bambo wa mkwatibwi, suti yothina m'khosi, akuyang'ana katundu wawo ali m'manja mwa wina. Ruvimbo atangoyamba kulowa, nthungululu zili pakamwa pa amayi, sipika ya kumanzere inakhosomola. Kenako inayamba kulira ngati chule. Brendon anagwira batani ili, kugwira ilo, thukuta kamukamu. Dzanja la a Shadrick linali kale m'thumba, pa bokosi la machesi. Anayamba kunyamuka.

Mayi Eneless anawagwira jekete. "Khalani pansi. Si zanunso. Mwana akukuyang'anani."

Anakhala. Brendon anazula waya wa kumanzere, nyimbo n'kutsalira mbali imodzi, yoonda, yosadumpha ngakhale mpanda wa tchalitchi. Ruvimbo anayenda mpaka kutsogolo akumwetulira bambo ake. Iwo anayesa kubweza, milomo inakana.

Lero mukadutsa ku Manyame Park muwapeza pakhonde akukonza mawailesi ndi maketulo, monga anayambira. Maukwati amaitana Brendon. Chibokosi chija chili pakhomo, chimagwira chitseko kuti mphepo isatseke, ndipo za kulemera kwa ampulifaya sanenanso kwa munthu.

Tsiku lina Ruvimbo anabwera kudzawaona, n'kuwapeza foni ili pakhutu, maso ali kutali. Mawu ofatsa aja ankamveka pang'ono: "Achimwene, mwadzuka bwanji? Kumudzi ndi ku Dedza, eti?"

"Baba, fufutani zimenezo."

"Ndifufuta, mwanangu," anatero, foni n'kuilowetsa m'thumba la malaya.

Mpaka lero uthengawo ulimo.